Kompyuta yaing'ono kapena tower: kusankha makina a ntchito m'Chigwa cha Shire

Makompyuta a patebulo amabwera makamaka m'maonekedwe awiri. Pali yaing'ono yoti mutha kuinyamula ndi dzanja limodzi, monga Lenovo ThinkCentre Tiny, Dell OptiPlex Micro, HP Elite Mini kapena Mac mini. M'kati mwake mulibe malo ambiri, ndipo zowonjezera zambiri zimalumikizidwa kunja ndi zingwe. Palinso tower, bokosi lalikulu lija ambiri timangolitcha CPU, limene mumatsegula chambali n'kuikamo makhadi owonjezera mphamvu, madisiki ndi RAM (mosungira kwakanthawi zimene makina akugwirapo ntchito). Wogulitsa ku Blantyre adzakuuzani za liwiro la purosesa, ubongo wa makinawo. Koma makina opita ku Nchalo, ku Ngabu, ku Bangula kapena ku Nsanje amasankhidwa poyang'ana kaye zinthu zitatu: amadya mawati angati, apirira bwanji kutentha ndi fumbi, ndiponso china chikapsa m'katimo mudzachipeza kuti.

Ife timati maofesi ambiri kuno akufunika yaing'ono, ndipo tower igulidwe pokhapokha ntchito yake ikukana kulowa m'kabokosi.

Lembani papepala mapulogalamu amene azidzatsegulidwa tsiku ndi tsiku, osati amene mukuganiza zodzaphunzira chaka chamawa. Excel, Word, Sage kapena QuickBooks, kaundula wa ophunzira kapena wa odwala, CorelDRAW yopangira makhadi a ukwati ndi zikwangwani, ngakhale QGIS yojambulira mapu a minda ya mthirira, zonsezi kompyuta yaing'ono ya Core i5, RAM ya 16GB ndi SSD (disiki yothamanga yosazungulira) ya 512GB imazikwanitsa bwinobwino. Tower imayamba kufunika mukamadula mavidiyo a 4K mu DaVinci Resolve kapena Premiere Pro, mukamalumikiza zithunzi mazanamazana za drone kuti zikhale mapu amodzi, mukamajambula ngalande ndi milatho mu Civil 3D, kapena mukamasunga zithunzi za makamera a chitetezo kwa miyezi ingapo. Ntchito zimenezi zimafuna khadi la graphics (lokonza zithunzi ndi mavidiyo) lodya mawati oposa 75 kapena madisiki akuluakulu a mainchesi 3.5, ndipo zonse ziwiri sizilowa m'kabokosi ka lita imodzi.

Masamu a magetsi

Namondwe wa Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka. Ngakhale makina opangira magetsi ali bwino, m'dzinja mapolo amagwa ndipo ofesi imakhala mumdima. Choncho kompyuta iliyonse ya ntchito idzakhalapo pa batire, ndipo muyenera kudziwiratu kuti ikhala maola angati.

Kompyuta yaing'ono ikamagwira ntchito za muofesi imadya mawati 10 mpaka 30, ndipo ikapanikizika imafika cha m'ma 60. Sikirini ya mainchesi 24 imadya pafupifupi mawati 20 mpaka 25. Tingoti zonse pamodzi ndi mawati 50. Tower yokhala ndi khadi la graphics ikangokhala chete imadya mawati 60 mpaka 100, koma ikayamba kutulutsa vidiyo imakwera kufika 300 kapena kuposa.

Tengani batire la 12V, 100Ah. Chulukitsani manambala awiriwo: 1,200Wh, kutanthauza mawati 1,200 kwa ola limodzi. Batire la asidi simulitsitsa kupitirira theka ngati mukufuna likhalitse, ndiye mwatsala ndi 600Wh. Inveta nayo imadya gawo lake, mwina 10 mpaka 15 pa 100 alionse, n'kukusiyirani pafupifupi 520Wh. Gawani ndi mawati 50, mupeza kuti yaing'ono igwira maola 10. Gawani ndi 300, mupeza kuti tower sifika n'komwe maola awiri. Pa sola kusiyana kwake ndi komweko. Maola 8 a ntchito pa yaing'ono ndi 400Wh, zimene panelo imodzi ya mawati 150 imabweza pa tsiku la dzuwa. Maola 8 pa tower yopanikizika ndi 2,400Wh, kutanthauza mapanelo okwana mawati 650 ndi mabatire asanu ngati ntchito yonse ikugwiridwa dzuwa litalowa. Mtengo wa tower muziuwerengera pamodzi ndi zimenezi. Mabatire a lithium a mtundu wa LiFePO4 amalola kutsitsidwa kwambiri kuposa a asidi, ndiye amachepetsako chiwerengerocho, koma ndi okwera mtengo pogula.

UPS ndi kabokosi ka batire koteteza kompyuta kuti isazime magetsi akathima. Yotchuka ija ya 650VA imanyamula mawati pafupifupi 360 okha, ndipo m'kati mwake muli kabatire ka 12V, 7Ah. Yaing'ono ingakhalepo mphindi 30 kapena kuposa. Tower ikapanikizika, UPS imeneyi imalira kamodzi n'kuzima. Tower ya khadi la graphics ikufunika UPS ya 1,500VA, ndipo ikhale ya pure sine wave, yotulutsa magetsi osalala ngati a pakhoma. Chifukwa chake n'chakuti power supply (kabokosi kogawa magetsi m'kati mwa tower) zamakono zili ndi gawo lotchedwa active PFC, ndipo zina mwa izo zimazima nthawi yomwe UPS yotchipa ikusinthira ku batire. Pulinta ya laser musaiike pa UPS, chifukwa ikamatenthetsa imakoka magetsi ambiri kuposa kompyuta yeniyeniyo.

Mabatire a m'ma UPS anapangidwa kuti azikhala pamalo a madigiri 20 mpaka 25, ndipo kutentha kukakwera ndi madigiri 10 moyo wake umadulidwa pakati. Kuno musayembekezere zaka zimene zalembedwa pa katoni. Miyezi itatu iliyonse sungani ntchito yanu, zulani pulagi ya UPS pakhoma kompyuta ili yoyaka, muone ngati ipirira. Ndi bwino kuzidziwa tsiku limenelo kusiyana n'kuzidziwa muli pakati pa malipiro a mwezi.

Pali mwayi wina umene yaing'ono ili nawo. Zambiri zimagwiritsa ntchito tchaja yakunja ngati ya laputopu, ya mawati 65 kapena 90. Za Dell ndi HP zimatulutsa 19.5V, za Lenovo 20V. Matchaja amenewa amalandira magetsi kuyambira 100V mpaka 240V, ndiye magetsi akafooka madzulo kompyuta imapitirizabe. Magetsi akabwera mwamphamvu, kawirikawiri imapsa ndi tchaja, ndipo kusintha tchaja ndi ntchito ya mphindi imodzi. Gulani yachiwiri tsiku lomwelo, ya kampani yomweyo. Tchaja ya Dell ili ndi kasingano pakati pa mutu wake kamene kamauza kompyuta mphamvu zake. Mukaikapo yachinyengo, makina amayaka koma amachenjeza poyamba n'kutsitsa liwiro la purosesa, inu n'kumaganiza kuti alowa vairasi.

Mphenzi sisankha kukula kwa bokosi. Onetsetsani kuti soketi ili ndi waya wa earth wogwira ntchito, apo ayi surge protector yanu, chotetezera ku magetsi obwera mwamphamvu, ndi chokongoletsera chabe. Mvula ya ziphaliwali ikayamba zulani pulagi pamodzi ndi chingwe cha netiweki, chifukwa mphenzi imalowanso kudzera mmenemo. Magetsi akabwerera dikirani mphindi zingapo musanayatse, kapena ikani chotetezera chija chimachedwetsa magetsi, chonga cha pafiriji.

Kutentha

Apa tower ili ndi mawu. Makampani ambiri amalemba kuti makompyuta awo a muofesi agwire ntchito pamalo osapitirira madigiri 35. Mu Okutobala ndi Novembala, Ngabu ndi Nsanje zimadutsa madigiri 40, ndipo m'chipinda cha malata chopanda siling'i mumatentha kuposa pamenepo. Purosesa ikayandikira madigiri 95 mpaka 100 imadzichepetsera liwiro yokha kuti isapse. N'chifukwa chake makina amene amathamanga m'mawa amayamba kukwawa ikamakwana 2 koloko masana.

Yaing'ono ili ndi kafani kamodzi konga ka laputopu, kopemerera pa heatsink yopyapyala, chitsulo chochotsa kutentha pa purosesa. Pa ntchito zopepuka palibe vuto, popeza purosesa zake, zija zili ndi chilembo T kumapeto monga i5-8500T, ndi za mawati 35 basi, ndiye kutentha kumene zimatulutsa n'kochepa. Koma mukaipatsa ntchito yolemera ya maola awiri osapuma, kafani kaja kamalira mpaka kumapeto ndipo liwiro limatsika ndithu. Tower ili ndi mafani a mamilimita 120 ndi heatsink yaikulu, ndiye imasunga liwiro lake nthawi yaitali. Dziwani chabe kuti mawati onse amene imadya amasanduka kutentha m'chipinda momwemo. Mawati 300 m'kaofesi kotseka mawindo amamveka pathupi.

Ikani pulogalamu ya HWiNFO, ndi yaulere, muziona manambala. Purosesa ikamadutsa madigiri 90 pa ntchito wamba, pali chimene chalakwika: fumbi, fani yakufa, kapena phala la pakati pa purosesa ndi heatsink lauma. SSD ya NVMe ikafika cha m'ma 70 nayonso imayamba kuchedwa, ndipo mu yaing'ono imakhala pamalo opanda mpweya, choncho kachitsulo kopyapyala kochotsa kutentha kamathandiza ngati kakukwana pansi pa chivindikiro. Hard disk yozungulira yesetsani isapitirire madigiri 50.

Siyani mpata wa masentimita 10 kapena kuposa kumbuyo ndi m'mbali mwa bokosi. Musalitsekere m'kabati ya desiki, musaliike pawindo pofika dzuwa, ndipo nsalu yotchinga fumbi ivundikiridwe makina atazima, osati akugwira ntchito. Ntchito zolemera monga kutulutsa vidiyo muziziyambitsa usiku kapena mbandakucha.

Fumbi, phulusa ndi madzi

M'chilimwe fumbi limalowa paliponse, ndipo madera ozungulira Nchalo amaonjezera phulusa la nzimbe nthawi yotentha minda. Fumbi likamatirira pa heatsink limatseka njira ya mpweya. Mvula ikayamba limayamwa chinyezi n'kuyambitsa dzimbiri pa mapini a RAM, ndipo tsiku lina makina amangoyaka osaonetsa kanthu pa sikirini. Zikatero, chotsani RAM, pukutani mapini ake agolide ndi labala yofufutira pensulo, muibwezeretse. Nthawi zambiri zimathera pomwepo.

Tower imakoka mpweya wambiri, ndiye imakokanso fumbi lambiri, makamaka ikakhala pansi. Ikwezeni patebulo kapena pa shelefu ya theka la mita kuchokera pansi. Sankhani bokosi lokhala ndi sefa yochotseka kutsogolo ndi kunsi, ndipo mafani olowetsa mpweya achuluke kuposa otulutsa, mwachitsanzo awiri kutsogolo ndi imodzi kumbuyo. Mukatero mpweya umatulukira m'ming'alu m'malo molowerapo ndi fumbi. Mabowo a kumbuyo opanda khadi atsekeni ndi timalata take. Nalimata kapena mphemvu ikalowa mu power supply, imafa limodzi nayo.

Kuyeretsa kuzichitika mwezi uliwonse kapena miyezi iwiri m'chilimwe. Zimitsani makina, zulani pulagi, dinani batani loyatsira kwa masekondi 10 kuti magetsi otsala atuluke. Tulukani nawo panja. Gwirani chitsulo cha bokosi musanakhudze china chilichonse m'kati. Tsekani fani ndi chala kapena kamtengo isazungulire, kenaka pemererani ndi bulowa kuchokera m'kati kupita kunja, ndipo fumbi louma lichotseni ndi burashi yofewa ya penti. Fani ikamazungulitsidwa ndi mphepo ya bulowa imawononga mabeyaling'i ake. Musapemerere ndi pakamwa, ndipo kompresa ya matayala isamaleni nayo, chifukwa thanki yake imasunga madzi. Pakatha zaka ziwiri kapena zitatu, chotsani heatsink, pukutani phala lakale ndi isopropyl alcohol, muike latsopano kadontho kofanana ndi njere ya nandolo pakati pa purosesa, n'kumanga masikuluu mopingasa pang'onopang'ono.

Amene anaona madzi a namondwe wa Freddy mu Marichi 2023 safunika kuuzidwa za kuika kompyuta pansi. Yaing'ono imamangika kumbuyo kwa sikirini pa mabowo anayi a masikuluu otchedwa VESA, ndipo chenjezo la madzi likaperekedwa mumazula zingwe n'kuiponya m'chikwama pamodzi ndi mafayilo onse a ofesi. Tower yolemera makilogalamu 10 kapena 15 simungathawe nayo mosavuta. Ngati ndi imene muli nayo kumalo osefukira, sungani makope a ntchito yanu pa disiki yakunja imene imagona kwina.

Kuwonjezera zida: zimene zimatheka ndi zimene sizitheka

Yaing'ono ya Lenovo, Dell kapena HP imatseguka ndi sikuluu imodzi. M'kati mupeza mipata iwiri ya RAM ya mtundu wa SO-DIMM, ija ya laputopu, yolola 32GB kapena 64GB malinga ndi mtundu wake. Mpata umodzi kapena iwiri ya SSD ya M.2 2280, ndipo zina zili ndi malo a disiki ya mainchesi 2.5. Basi. RAM imalowa chopendekeka, kenaka mumaikanikiza pansi mpaka timawaya ta m'mbali titagwira. DDR4 ndi DDR5 sizilowana, kampata ka pamapini kali pamalo osiyana, ndiye musakakamize. Ikani ziwiri zofanana, monga 8GB ndi 8GB, m'malo mwa imodzi ya 16GB, chifukwa graphics ya m'kati mwa purosesa imathamanga bwino RAM ikakhala iwiri. Mac mini ndi Mac Studio za purosesa za Apple zilibe mwayi umenewu: RAM imene mwagula nayo ndi yomweyo mpaka kalekale.

Zina zonse zimapita kunja, ndipo apa ndi pamene anthu amanamizika. Disiki yakunja, hub ya USB, chowerengera makhadi a kamera, bokosi la khadi la graphics lakunja, chilichonse chimabwera ndi chingwe chake, ndipo zina ndi tchaja yakeyake. Mapeto ake tebulo ladzaza, adaputa ya masoketi yadzaza, ndipo chingwe chimodzi chikagwedezeka mukukopera mafayilo, disiki imawonongeka. Bokosi la graphics lakunja limafuna bowo la Thunderbolt kapena USB4, zimene makina ambiri a kaunjika alibe, ndipo ngakhale zilipo, njira yake ya 40Gbps ndi yopapatiza poyerekeza ndi mpata wa PCIe x16, wolowetsamo khadi mu tower. Makina a purosesa za Apple salilandira n'komwe. Apple yomweyo inayesapo njira imeneyi ndi Mac Pro ya 2013, yooneka ngati chitini chozungulira, imene zowonjezera zake zinkadalira Thunderbolt. Mu 2017 kampaniyo inavomereza kuti kapangidwe kake sikakanatha kuziziritsa makhadi a graphics amphamvu, ndipo mu 2019 inabwerera ku tower ya mipata 8 ya PCIe. Ngati mukudziwa kale kuti mudzafuna zowonjezera zoposa ziwiri, gulani tower.

Koma si tower iliyonse imene imakula. Ambiri mwa mabokosi akuluakulu a muofesi a Dell, HP ndi Lenovo ali ndi power supply ya mawati 180 mpaka 260, yopanda chingwe cha khadi la graphics, ndipo pulagi yake yopita pa motherboard (bolodi lalikulu lolumikiza zida zonse) ndi ya kampani yomweyo, ya mapini 6, 8 kapena 10 m'malo mwa 24 odziwika aja. Ikapsa simungaikemo power supply wamba ya m'shopu. Tsegulani chambali musanalipire, muwerenge mapiniwo ndi mawati olembedwa pa pepala lomatidwa pa power supply. Tower yoyenera dzina lake ndi ya motherboard ya ATX kapena micro-ATX, mipata inayi ya RAM, malo a madisiki awiri kapena kuposa a mainchesi 3.5, ndi power supply ya mawati 550 mpaka 650 ya kampani yodziwika. Apo ayi, tengani workstation yeniyeni, tower yopangidwira ntchito zolemera, monga HP Z2 Tower, HP Z4 kapena Dell Precision, mutafunsa kaye kuti ili ndi power supply iti, chifukwa mtundu umodzi umagulitsidwa ndi mphamvu zosiyanasiyana.

Pogula khadi la graphics yezani zinthu zitatu. Kutalika kwa khadi kuyerekeza ndi malo a m'bokosi, pogwiritsa ntchito tepi. Mawati ake: mpata wa PCIe umapereka 75 okha, pomwe RTX 3060 imafuna 170 ndipo RTX 4060 imafuna 115, ndiye zonsezi zikufunika chingwe cha mapini 8 chochokera ku power supply. Chachitatu ndi chingwe cha sikirini, chimene chiyenera kusamutsidwa kuchoka pa motherboard kupita pa khadi latsopanolo. Ambiri amaiwala n'kumadabwa kuti palibe chasintha. Kusintha chingwe cha SATA, chija chodyetsa madisiki, kuti chidyetse khadi lalikulu ndi njira yotenthera makina.

Pakati pa ziwirizi pali bokosi lopyapyala lotchedwa SFF. Limalandira makhadi afupiafupi okha, monga NVIDIA RTX A2000 ya mawati 70, ndi disiki imodzi yaikulu. Kwa wojambula mapulani a nyumba amene safuna zambiri, limakwanira.

Pogula ya kaunjika

Werengani nambala ya purosesa. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo pamodzi ndi kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0. Mu i5-8500T, nambala 8 yoyambayo ndiyo m'badwo. I5-7500T ndi yotchipa pa chifukwa chimenecho. Lowani mu BIOS, menyu ya makina yotseguka Windows isanayake, muone ngati mulibe pasiwedi ya kampani imene inkagwiritsa ntchito makinawo kunja. Pa tower yakale yang'anani kumbuyo ngati kuli kaswitchi kofiira ka 115 ndi 230. Kakhale pa 230 musanalowetse pakhoma, apo ayi power supply iphulika nthawi yomweyo. Tsegulani CrystalDiskInfo muone thanzi la disiki ndi maola amene yagwira. Ipanikizeni ndi ntchito yolemera kwa mphindi 15 mukuyang'ana kutentha ndi kumvetsera fani. Yesani bowo lililonse la USB. Zing'onozing'ono zambiri zili ndi DisplayPort yokha popanda HDMI, ndipo zina zilibe Wi-Fi, ndiye gulirani chingwe choyenera ndi kadongulo komweko. Ngati tsiku ndi nthawi zikubwerera m'mbuyo makina akazima, vuto ndi kabatire ka CR2032 pa motherboard.

Kuchoka ku Nsanje kukafika ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 180, ndiye chida chaching'ono chikasowa, ntchito imaima masiku. M'dilowa musasowe tchaja kapena power supply yapadera, CR2032, phala la purosesa, chingwe cha sikirini, ndi fulashi yokhala ndi Windows yoikira. Ofesi yogula makina angapo itenge mtundu umodzi, kuti wina akafa zida zake zipulumutse anzake.

Potsika nayo tower pa zitunda za Chikwawa, makamaka ngati ikupitirira pa msewu wa ku East Bank, chotsani khadi la graphics ndi hard disk muzikulunge pazokha m'mapepala ake oteteza. Bokosilo ligonekeni chambali, motherboard ili kunsi, pa chinthu chofewa, kuti kulemera kwa heatsink kusathyole motherboard pa mabampu. Mukafika kanikizaninso RAM ndi zingwe zonse m'malo mwake musanayatse.